Ba Moonga ndi Nsomba ya Njerwa

Lero m'kalasi ya kompyuta ndinaseka ndekha mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndili bwino. Ankatiphunzitsa mitundu iwiri ya zithunzi za pa kompyuta, rasita ndi vekita, ndipo anzanga ankakopera m'makope nkhope zili zii, ngati akulemba uthenga wa maliro. Ine zinthu zimenezi ndinaziona kale ndi maso anga pakhomo pa shopu ina m'tauni muno mwa Kafue, ndipo amene anandionetsa anali mkulu amene sanagwirepo kompyuta moyo wake wonse. Nditafika kunyumba, amayi anandikumbutsa kuti sabata ino pakwana chaka chimwalirire Ba Moonga. Ndiye masamu adikire kaye, ndilembe za iwo.

Ba Moonga anali wolemba zikwangwani. Kashedi kawo ka malata kanali moyang'anizana ndi nyumba yathu ku Nangongwe, ndipo ine ndinakula ndi fungo la penti ngati mmene ana ena amakulira ndi fungo la zitumbuwa. Ngati munawerengapo dzina pa bwato kumtsinje, kapena mawu kumbuyo kwa minibasi, kapena chenjezo la pakhoma lakuti malo ano sagulitsidwa, mwina linali dzanja lawo. Ali mnyamata ankalemba machenjezo ku fakitale, ndipo ankanyadira kuti palibe munthu anagwerapo m'dzenje limene iwo analilembera chikwangwani.

Anali aafupi, pensulo ili kukhutu, chingwe chili m'thumba la ovolosi. Asanalembe chilembo ngakhale chimodzi, ankawoloka msewu chafutambuyo, diso limodzi atatsinzina, akuyeza khoma. Sankayang'ana kumanzere kapena kumanja. Madalaivala ankawadziwa, ankangoliza hutala n'kuwazungulira, makondakitala akukuwa pawindo kuti, "Ba Saini, muzafa na S!" Dzina la Ba Saini linachokera ku ntchito yawo, ndipo za S zija zinali zoona. Ankati munthu wolemba amadziwikira pa S. Mimba yake ya m'munsi iyenera kukula pang'ono kuposa ya m'mwamba, apo ayi chilembocho chimaoneka ngati chachokera kumowa.

Ankakangana ndi aliyense, koma mkangano wawo unalibe ululu. Abusa a tchalitchi china chatsopano anabwera ndi dzina la mawu khumi ndi awiri, pamene khoma linali lalifupi ngati la kantemba kogulitsiramo maswiti. Abusa anati zilembo zifinyidwe. Ba Moonga anayankha kuti chilembo chimafuna mpweya ngati munthu, choncho asankhe: kudula dzina kapena kutalikitsa khoma. Patapita miyezi ingapo tchalitchi chinawonjezera chipinda, dzina linakwana, ndipo iwo ankauza anthu kuti ndiwo anakulitsa mpingo umenewo.

Chimene chinkawavuta ndi nkhope. Mitu yonse ya pa makoma a ometa tsitsi ku Nangongwe imafanana ndi mlamu wawo, Ba Joe, amene ali ndi mphuno yaikulu ndi maso a tulo. Ometa akadandaula, iwo ankati anaitanidwa kudzajambula tsitsi, nkhopeyo ndi mbasela, yongowonjezera mwaulere.

Ine ankanditcha Ba Hedi, ngati mphunzitsi wamkulu, chifukwa ndili giredi faivi ndinawauza kuti aiwala chilembo chimodzi pa chikwangwani cha butchala. Anayang'ana chikwangwani, n'kundiyang'ana ine, kenako anati chilembocho chapita kukadya nshima, chibwera masana. Masana nditadutsa, chinali chitabwera.

Anamwalira nyengo yozizira, atadwala masabata awiri okha. Pa tsiku loika maliro kunabwera maminibasi ambiri osaitanidwa, ndipo atandandalika kupita kumanda, ife a m'galimoto la kumbuyo tinkawerenga mawu a kumbuyo kwa iliyonse. Zonse zinali zilembo zawo. Mayi wina anayamba kuwerenga mokweza, nyimbo ya maliro inasokonekera, ndipo anthu anaseka misozi ili m'masaya.

Koma nkhani imene ndikufuna isaiwalike ndi ya lumbiro lawo.

Ba Moonga anali ndi mwana wamkazi, Ba Mutinta, amene anakaphunzira ku Lusaka n'kubwera kudzatsegula shopu yosindikiza pafupi ndi msika wa m'tauni. Ankasindikiza makadi a ukwati, masikipa, ndi zinsalu zazikulu za pulasitiki zimene anthu amazitcha bana. Pa tsiku lotsegula shopuyo, atate awo anafika atavala jekete, anaima kutsidya kwa msewu, n'kuyang'ana pamwamba pa chitseko. Panali chikwangwani chosindikiza ndi makina. M'Kafue monse, kuyambira ogulitsa makala mpaka okonza nsapato, anali ndi zilembo za Ba Moonga, kupatula mwana wawo. Ba Mutinta sanachite dala, ankangofuna kuonetsa zimene makina awo angathe. Koma mkuluyo ananena pamaso pa anthu kuti phazi lawo silidzaponda m'shopu imeneyo. Anabwerera kunyumba osalawa ngakhale keke.

Zinakhala choncho zaka zitatu. Lamlungu Ba Mutinta ankabwera ndi ana kudzadya kwa atate awo, ankacheza za mvula ndi za mitengo ya ufa, koma za ntchito ayi. Anthu ena anayamba kupita ku shopu, ena anakhalabe ku kashedi, ndipo aliyense ankadziwa kuti ukapita kumodzi usakatchule kwinako.

Amayi anga amagulitsa nsomba, ndipo ali m'gulu la amayi a nsomba a kumtsinje. Chizindikiro cha gululo ndi nsomba yonenepa yopinda mchira, imene Ba Moonga anaijambula kalekale pakhoma la shedi yawo yakale. Shediyo inagwetsedwa kuti amange ina, ndipo nsombayo inatsala pa chithunzi chimodzi cha pa foni, chimene chinayenda foni ndi foni mpaka chinachepa n'kuzilala. Shedi yatsopano inali yoti itsegulidwe Loweruka. Lolemba lake tcheya wa gulu, Amake Beauty, mayi wa mawu omveka kutsidya kwa mtsinje, anapita kwa Ba Mutinta kukafuna chinsalu chachikulu, masikipa, ndi timasitika tomata pa mabokosi a ayezi. Amayi anga analipo, ndiwo anandiuza mmene zinayendera.

"Ba Tcheya, aka ka pikicha ni kang'ono maningi," anatero Ba Mutinta.

"Mukoke chabe."

"Nikakoka kazaonongeka."

"Iwe mwana, ine pa foni nimakoka na zala ziwiri, kakula. Manje chimashini chonse ichi chikangiwe? Mukoke chabe."

Ba Mutinta anaopa kutaya gulu lonse la amayi, ndipo anakoka.

Lachinayi chinsalucho chinatambasulidwa kumsika wa nsomba. Inali nthawi ya holide, ndinali nditawaperekera amayi chakudya. Nsomba ija inalipo, yaikulu kuposa chitseko, koma inali ya timabokositimabokosi. Msana wake unali ngati masitepe. Diso linali la makona anayi ngati windo. Mchira sunkadziwika pamene wathera. Mayi wina anafunsa mofatsa ngati nsombayo yamangidwa ndi bilikileya.

"Ni nsomba olo ni nyumba ya apusiteya?" anawonjezera wina.

Onse anagwa nalo phwete, kupatula Amake Beauty. Iwo anakulunga chinsalucho, n'kuchiika m'manja mwa Ba Mutinta.

"Mailo pa Chisanu nipeleka nchito ku Lusaka. Na maliketi yonse izaziba kuti mwana wa Ba Saini saziba nsomba."

M'tauni yaing'ono ngati ino, mawu otere ochokera kwa amayi a nsomba amatseka shopu msanga kuposa loko.

Masana omwewo ndinali pakhonde ndikuchapa masokosi pamene Ba Mutinta anatsika minibasi, chinsalu chili m'khwapa, n'kulunjika ku kashedi. Atate awo ankapaka mafuta mabulashi awo monga ankachitira akatha ntchito.

"Ba Tata, nabwela na bana."

"Bali kuti? Baitane, nibaone bazukulu banga."

"Osati bana abo. Bana iyi."

Anaitambasula pansi, n'kuipsinja ndi zitini za penti. Ba Moonga anaimirira, anaiyang'ana, n'kuwoloka msewu chafutambuyo mpaka anatsala pang'ono kukhala m'beseni langa. Atabwerera anafunsa ndi mawu otsika.

"Ndani wanikokela nsomba yanga?"

"Ndine. Bananikakamiza."

"Ine sininaijambule na njelwa."

Ba Mutinta anafotokoza, ndipo kanali koyamba kuwamva awiriwo akukamba za ntchito. Anati foni imasunga chithunzi ngati mphasa ya timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse ndi mtundu wake. Timabokosi tikachuluka, diso silitiona. Koma chithunzi ichi chinali ndi tochepa, ndipo ukachikoka situwonjezeka, timangofufuma.

"So mashini yako siziba kuti iyi ni nsomba?"

"Siziba. Iziba chabe kuti apa pali kabokosi kofipa, apa koyela."

"Kanshi ni chipuba cha malaiti," anatero mkuluyo, kutanthauza chitsiru choyendera magetsi.

Ba Mutinta anapempha kuti atate awo aijambulenso ndi dzanja. Iwo anagwira chinsalucho ndi chala n'kupukusa mutu. Penti yawo sikanagwira pa pulasitiki yoterera ngati imeneyo, ndipo ngakhale ikanagwira, nanga masikipa onse aja ndi timasitika? Ine ndinasiya kuchapa. Ndinkadziwa, ngakhale ndinali wamng'ono, kuti Ba Moonga akangonena kuti pepani sizitheka, Nangongwe yense adzati mdala wapambana, makina agonja. Anali atadikira zaka zitatu kuti anthu anene zimenezo.

Analowa m'kashedi. Tinamva zitini zikugwa. Anatuluka ndi kope la chikuto chakuda, lotupa ndi chinyezi, n'kunyowetsa chala, n'kuyamba kutsegula masamba. M'kopemo munalibe zithunzi zenizeni. Munali timadontho, mizere yozilumikiza, ndi manambala. Ba Moonga sankayeza ndi mainchesi, ankayeza ndi magawo. Ankakonda kunena kuti chilembo chilibe msinkhu: A wa pa bokosi la machesi ndi A wa pakhoma la fakitale ndi mmodzi, chofunika kusunga ndi mmene ziwalo zake zimakhalirana. Anapeza tsamba la nsomba n'kulipereka kwa mwana wawo.

Ba Mutinta analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ba Tata, iyi ni vekita."

"Usanitukane, ndine wiso," anatero atate awo.

M'mawa wa Lachisanu tinakwera minibasi imodzi, Ba Moonga ndi kope lawo, amayi anga, ine, ndi Amake Beauty amene anavomera kudikira mpaka masana okha. Titafika pa shopu, mkuluyo anaima. Nsonga za nsapato zawo zinatsala pang'ono kukhudza pakhomo.

"Ngenani, Ba Tata."

"Ninalumbila."

"Imwe ba mudala, nsomba izaola," anatero Amake Beauty.

"Iole. Mau yanga siyazaola."

Ba Mutinta anawayang'ana atate awo, manja ali m'chiuno, ndipo nkhope zawo zinafanana kwambiri moti amayi anga anabisa pakamwa. Kenako Ba Mutinta anatembenuka, n'kuyamba kukoka tebulo la kompyuta. Tinawathandiza. Tebulo linafika pakhomo, kompyuta inayang'ana kunja, waya anaperewera, ndipo tinabwereka wina ku saluni yoyandikana nayo. Panja anaikapo kampando. Ba Moonga anakhala, mapazi onse awiri ali kunja bwinobwino, n'kuvala magalasi.

Iwo ankawerenga, mwana wawo ankaika. Utali wa nsomba, magawo khumi ndi awiri. Kuchokera pamsana kufika pamimba, asanu. Diso likhale gawo limodzi ndi theka kuchokera kukamwa. Ba Mutinta ankaika kadontho apa, kadontho apo, mzere n'kudzilumikiza wokha, ndipo pa kadontho kalikonse panali timikono tiwiri tokhotetsera mzerewo, ngati mmene atate awo ankakhotetsera chingwe pakhoma.

"Mimba isike. Nsomba ya mu Kafue siyonda."

"Apa?"

"Pang'ono futi. Eko. Manje muchila waupinda monga wa galu. Bweza."

Anthu odutsa anayamba kuima. Pofika cha m'ma leveni nsomba ija inali itabwerera, yonenepa, mchira utapinda mmene amayi a kumtsinje ankaudziwira. Ba Moonga sanamwetulire. Analoza kompyuta ndi pensulo.

"Manje ikoke."

Ba Mutinta anaikulitsa. Msana unakhalabe wosalala.

"Futi."

Mutu wokha unadzaza galasi lonse, kenako diso lokha, lobulungira ngati mwezi.

"Futi."

Panatsala mphepete yokha ya mzere, yakuthwa ngati lezala, popanda sitepe ngakhale imodzi. Ba Moonga anayandikitsa nkhope mpaka mphuno inalowa m'shopu, ndipo mkazi wa ku saluni ananong'ona kuti lumbiro lija linali la phazi, mphuno ilibe mlandu. Mkuluyo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi ovolosi.

"Ija ya dzulo inasunga mapazi. Iyi yasunga njila."

Mpaka lero sindinamve kufotokoza koposa kumeneko. Chithunzi cha rasita chimasunga pamene mtundu unaponda, kabokosi ndi kabokosi. Cha vekita chimasunga malangizo: yambira apa, khota chonchi, kathere apo. Ukachikulitsa, kompyuta imayendanso njira yomweyo n'kujambula mwatsopano, monga ankachitira iwo akapatsidwa khoma lalikulu.

Amake Beauty ataona kuti zinthu zayenda, anatulutsanso foni. Ankafuna kuti pakona pa chinsalu pakhale nkhope ya malemu amene anayambitsa gulu lawo, ndipo chithunzi chake chinali chozilala ngati choyamba chija.

"Ba Saini, na aba mubapime."

"Bazachoka monga Ba Joe," anatero amayi anga, ndipo khonde lonse linaseka.

Ba Moonga anasekanso, koma anatenga foniyo n'kuiyang'anitsitsa. Kenako ananena chinthu chimene sindinayembekeze kumva kwa iwo. Anati nkhope siyezeka. Nsomba yawo ili ndi malire, chilembo chili ndi malire, koma pa tsaya la munthu palibe mzere wosonyeza pamene kuwala kwathera ndi pamene mthunzi wayambira. N'chifukwa chake mitu yawo yonse inkatuluka mlamu wawo. Anapereka foni kwa mwana wawo.

"Iyi ni ya tumabokosi twako. Koma tunkhale twambili."

Ba Mutinta anafunsa ngati pali chithunzi cha papepala cha malemuwo. Chinalipo, kwa mwana wawo ku Nangongwe, m'kati mwa buku la nyimbo. Amayi anga anakachitenga, chinaikidwa m'makina okopera, ndipo chinatuluka ndi timabokosi tochuluka moti ngakhale maluwa a pa duku ankaoneka.

Makina osindikiza atayamba kulira m'katimo, Ba Mutinta anawauza atate awo kuti nsomba yawo ya mizere ija, pofika pa chinsalu, nayonso ikutuluka ngati timadontho ta inki. Iwo anati sanamve, kunadutsa minibasi.

Loweruka chinsalu chinapachikidwa pa shedi yatsopano. Nsomba yomweyo inali pa chifuwa cha mayi aliyense, ndiponso pa timasitika tating'ono ngati chitsekero cha botolo, ndipo ponseponse diso lake linali lobulungira. Ntchito sinapite ku Lusaka. Amake Beauty ankauza alendo kuti iwo ananena kuyambira Lolemba kuti angoikoka chabe.

Kuyambira sabata imeneyo, Ba Moonga ankakwera minibasi m'mawa uliwonse, n'kukakhala pa kampando kaja. Sanalowemo mpaka tsiku lawo lomaliza. Mvula ikagwa ankatsegula ambulera, tiyi ankalandirira pakhomo. Munthu akabwera ndi foni m'manja, asanalowe ankayamba wafunsidwa, "Ni nkhope olo ni chilembo?" Akati nkhope, ankamutuma kukafuna chithunzi choyambirira, osati chotumizidwa. Akati chilembo kapena chizindikiro, kope lakuda linkatseguka. Pang'onopang'ono iwo ndi mwana wawo anasamutsira masamba a kopelo mu kompyuta, akukangana pa mimba ya S kwa masiku atatu. Chikwangwani chosindikiza cha pamwamba pa chitseko sanasiye kuchinena. Tsiku lililonse ankati zilembo ziwiri za pakati zapanikizana ngati anthu a mpando wa kumbuyo m'minibasi. Ba Mutinta sanachisinthe, iwonso sanapemphe kuchilembanso, ndipo ndikuganiza kuti onse awiri ankasangalala kukhala ndi chokanganirana.

Ine ndikamaliza giredi thwelofu ndikufuna kuphunzira ntchito imeneyi. Ba Mutinta anati ndidzayambe ndadziwa kugawa mzere m'magawo ofanana popanda lula.

Pochokera kusukulu lero ndinadzera ku shopu. Kampando kali pamalo pake, panja, ndipo chitseko sichitseguka chonse chifukwa cha iko. Obweretsa mapepala amalowa cham'mbali akudandaula. Pa simenti pali malo awiri osalala pamene zidendene zawo zinkakhala. Tebulo la kompyuta likadali pakhomo, lopendekera kumsewu, waya wa ku saluni akudutsabe m'munsi mwa khoma. Masana dzuwa limagunda galasi la kompyutayo moti palibe chimaoneka. Ndinawapeza Ba Mutinta akugwira ntchito atatsinzina diso limodzi, dzanja lamanzere likutchinga dzuwa, pamene m'kati mwa shopu muli mthunzi wokwanira matebulo atatu.